Thabwa la Pakhoma

"Chotsako makapuwo, ndiyale pulani," anatero Konkire, chipepala chili m'khwapa.

Mlongo wake, mzime wa m'nyumbamo, sanasunthe. Maluwa a pamaliro a amayi awo anali asanafote n'komwe, ndipo m'chipinda chodyeramo munali mudakali mipando yobwereka kwa aneba. Konkire anakankha yekha makapuwo, n'kuyala pepala lija, n'kulipsinja ndi mbale ya shuga. Dzina la Konkireli anamupatsa ndi anzake a kuofesi, ati akangouma palibe womuphwanya. Mwini wake ankaliyesa laulemu.

"Ababa, mvetserani. Nyumba ino tiigwetse. Pamalo pano timangepo likulu la kampani, nyumba yosanja yamagalasi, dzina la amayi pamwamba. Nthambi zonse zavomereza."

Bambo awo anali pampando wa pawindo, nkhope italoza kumene kunkachokera mawu. Matenda a shuga anali atawadya maso, moti tsopano ankangosiyanitsa kuwala ndi mdima.

"Nanga ine mundiika pati? Pamwambapo, pafupi ndi dzinalo?"

"Mukakhala kwathu. Kuli chikepe, kuli wantchito. Simudzakhudza kanthu."

"N'zimene ndikuopazo," anatero bambowo.

Kunena zoona, Konkire sankalankhula zamisala. Kampani ya amayi ake inali itakula mpaka maofesi alendi kuchepa. Inayambira patebulo lomwelo, mayiwo akujambulira anthu mapulani a timasitolo ndi mabafa, mwana ali kumsana, pensulo ili m'kamwa. Makontirakitala ankawaseka, ati mzimayi angadziwe chiyani za maziko. Iwo ankangoti, "Tikaonana padenga." Kenako anapambana mpikisano wojambula sukulu, sukuluyo inabala chipatala, chipatala chinabala bwalo la ndege kutsidya kwa nyanja. Nthambi zinatsegulidwa m'mayiko oti amuna awo ankachita kufunsa ana kuti ali mbali iti pamapu. Ofesi ina ikamatseka, ina inkakhala ikutsegula. Atamwalira, foni sinapume. Mainjiniya ndi ojambula ankalira m'zinenero zimene mzime sankazimva, iye n'kumangoyankha kuti zikomo. Anthu ankawakonda mayi aja, komanso ankawaopa ndithu. Ankatha kubweza pulani ya hotela yathunthu chifukwa choti chitseko cha chimbudzi chikutsekukira kolakwika.

"Achimwene, dothi la pamanda silinaume," anatero mzime.

"Ndiye tidikire mpaka liti? Alendo akubwera kuchokera kunja kudzaona kumene katswiri ankakhala. Apeza denga lodontha ndi beseni pansi. Munthu womangira mayiko, kwawo ngati kosungirako katundu! Ukufuna atiseke?"

"Amayi sankachita nayo manyazi nyumba ino."

"Analibe nthawi yochita manyazi."

Mzime anaseka mosafuna, kenako misozi inalengeza. Iye ankamumvera chisoni mchimwene wakeyo. Nthawi yonse ya matenda Konkire anali kunja, kuyendetsa nthambi yatsopano, amayi akumuuza pafoni kuti ndi kutopa chabe. Anafika m'nyumba mutadzaza kale anthu olira, ndipo iye sanalire. Chisoni chake chonse chinathera m'chipepala chija.

Konkire anatulutsa tepi yoyezera n'kulowa m'kanjira kopita kuzipinda. Posakhalitsa mawu ake anamveka.

"Kodi ndi kalipentala uti wapanga zonyansazi?"

Pakhoma panali thabwa lopyapyala, lolumikizalumikiza, kwina lofiira kwina loyera, likuyenda mokwera ndi kutsika kuchokera kuchipinda chogona. Masikuluu ena anali atalowa chopendekera. Ngakhale wophunzira ntchito akanachita nalo manyazi.

"Kalipentala wake ndi amayi ako," anatero bambo. Anadzuka, ndodo n'kuisiya pampando, n'kulunjika kukhomako ngati munthu wopenya. "Bwera kuno. Ika dzanja apa. Tsinzina."

"Ababa, ndili ndi msonkhano wa pakompyuta."

"Udikira. Tsinzina."

Konkire anatsinzina, bambo ake ali patsogolo. Thabwalo linali losalala kwambiri, lopalidwa ndi munthu wosafuna kuti chala chibayidwe. Atayenda pang'ono, zala zake zinagwera m'timaenje, ndipo phazi lisanafunse linapeza sitepe. Pakhomo la bafa panali pokulungidwa chingwe. Pakhomo la khitchini anakhudza chinthu chozizira, n'kutsegula diso limodzi. Inali supuni, yokhomeredwa ndi msomali.

"Wabera," anatero mzime kumbuyo kwake.

"Koma bwanji lili lokhota chonchi? Amayi ankaona mzere wokhota ali m'galimoto."

"Silokhota ayi," anayankha bambo. "Wokhota ndine. Mwendo uwu ukatsimphina, dzanja limatsika. Thabwa limangonditsata."

Bambowo anafotokoza akuyenda. Madokotala atawauza mayi aja kuti masiku atsala ochepa, iwo anasiya kupita kuofesi m'mawa, ati akupumula. Kupumula kwake kunali kumeneko: sowo, sandipepa, ndi kampando kokhalapo mpweya ukawathera. Mzime ankawagwirira thabwa, ataletsedwa kuuza mchimwene wake.

"Amati mukadziwa mubweretsa mainjiniya lole yathunthu, ndi zitsulo zonyezimira," anatero mzime. "Amati iyi ndi kontirakiti yawo, kasitomala ndi mmodzi, ndipo ndi wovuta kuposa onse."

"Bodza," anatero bambo. "Sindinadandaulepo. Ndinangokana supuni yoyamba, inali yaphala la ana."

Anatulukira pakhonde. Thabwa linakhota nawo, linatsika masitepe, n'kuyamba kutsata khoma la mpanda. Dzuwa linkawomba bwino, ndipo kumsewu kunkamveka mabelu a njinga ndi anthu akupatsana moni. Mwadzidzidzi Konkire anagunda msana wa bambo ake. Atatsegula maso anaona dzanja lawo lili m'malere. Thabwa linali litathera pomwepo, pakati pa khoma, geti likuoneka chapatali ndithu.

"Apa m'pamene mphamvu zinawathera," anatero bambo. "Amafuna lifike kugeti. Ati mwamuna wanga asadzakhale m'nyumba ngati kabati, azituluka kukakangana ndi aneba za mpira. M'mawa uliwonse ndimafika pano, n'kubwerera."

Konkire anayang'ana khoma lopanda kanthulo nthawi yaitali. Anali atayendapo m'mabwalo a ndege ojambulidwa ndi amayi ake, mtima ukudzitama, koma anali asanamvepo kuwawa kotere, kapena kunyadira kotere. Foni inayamba kulira m'thumba, iye osaigwira. Anagwada, n'kusolola tepi.

"Msinkhu wake ankayeza kuchokera pati? Pansi pano m'posalingana."

Bambo anaseka, akupukuta m'maso ndi chikhatho.

"Tepiyo ibweze m'thumba, mwana wanga. Amayi ako ankadzimanga mpango kumaso, n'kundigwira dzanja, tizipita tikugundagunda zinthu ngati zidakwa. Pamene dzanja langa lakhudza, iwo n'kulembapo ndi choko. Ati sangajambulire munthu njira imene iwo sanaiyendepo mumdima."

Konkire anadzuka. Anamasula tayi pang'onopang'ono, n'kuyang'ana mlongo wake.

"Iwe, choko chili kuti?"

"M'thumba la epuloni yawo, kuseri kwa chitseko."

"Thamangira."

Anadzimanga tayi ija kumaso, mfundo ili kunkhongo, n'kutambasula dzanja mwamantha. Bambo ake ndiwo anayamba kulipeza, n'kuligwira zolimba.

"Usafulumire," anatero. "Kutsogoloku kuli mwala. Mwalawo unawagwetsa kawiri amayi ako."