Chigubu cha Amuna Anga

Amuna anga ndi wometa tsitsi. Impso zitayamba kufooka, achipatala anawaika kapaipi pamimba. Madzi amankhwala amalowera pamenepo, n'kudzatuluka atakoka zoipa za m'magazi. Kusintha madziwo kumafuna chipinda chaukhondo, osati mushopu mouluka tsitsi. Ndiye masana, anthu akutuluka m'maofesi kudzametetsa, iwo ankakhoma chitseko n'kubwera kunyumba nkhope ili yakugwa. Makasitomala anayamba kuwolokera kwa wometa wa tsidya la msewu.

Anesi anatiuza kuti impsozo sizinafe zonse. Timkodzo timene zikutulutsabe timatsuka magazi osapumira, ndipo ngati n'tokwanira, kusintha kwa masana adzakuchotsa. Anatipatsa chigubu choti tisungemo mkodzo wa tsiku lathunthu.

Chigubucho chinali chachikulu mochititsa manyazi. Pofika madzulo, timkodzo tinali titangonyowetsa pansi. Alamu anga, ang'ono awo a amunawa, ndi munthu wamtima wabwino koma mutu wopepuka. Anasuzumiramo, kupukusa mutu, kenako zii, asowa pamodzi ndi chigubu. Ndinawapeza kubafa akumasula lamba.

"Mukutani, alamu?"

"Ndiwaonjezereko pang'ono achimwene. Si magazi amodzi ife?"

Ndinaseka mpaka misozi, koma ndinapsanso mtima. Ndinawauza kuti anesi akanamizidwa adzachepetsa madzi pamene impso sizikukwanitsa, ndipo wotupa miyendo adzakhala mwamuna wanga, osati iwo. Ndinalanda chigubu n'kuchikhomera m'kabati ngati mbale za alendo.

Kutacha tinakachipereka kuchipatala. Tsiku lokamva zotsatira ndinali ndi mantha. Anesi anatiyang'ana, n'kumwetulira.

"Bambo, timpso tanuti n'tamakani, tikugwirabe ntchito. Masana muzimeta. Koma mutisamale. Mapiritsi a ululu ongogula musanatifunse, ayi."

Amuna anga, amene ngakhale paukwati wathu anangogwedeza phewa, anavina m'khonde la chipatala, dzanja lina litagwira pakapaipi. Mayi wokolopa anaima n'kumawaombera m'manja.

Mawa lake masana ndinachita zachizolowezi. Ndinatseka mawindo a kuchipinda, kupukuta tebulo, kusamba m'manja ndi sopo, n'kukhala pansi kudikira. Ndinadikira ndithu, mpaka ndinakumbukira kuti kusintha kwa masana anakuchotsa. Ndinathamangira kumsewu, ndipo ndili patali ndinaona chitseko cha shopu chili pululu, anthu atadzaza benchi, makina akulira.

Chikwatiwire, sindinasangalalepo chotere ndi mwamuna wosabwera kunyumba.