Filimu Yoti Melvin Asapite Kunyanja

Nzeru yake inali yanga, ndisanamizire munthu. Mwana wathu Melvin atangomaliza sukulu anati akukalowa usilikali wa panyanja. Ndinalira, ndinasala kudya, ndinaitanitsa abusa, koma mwana osatekeseka.

Ndiye ndinakumbukira filimu imene agogo a ku Russia omwe ndimawasamalira ku Rockville, kuno kutsidya kwa nyanja kumene tikukhala, amaonera mosatopa. Ndi ya makedzana: anyamata ophunzira usilikali wa pasitima akukwapulidwa, akugona pozizira, wina mpaka kumira. Ndinaibwereka kuti mwana aone yekha, achite mantha. Chilankhulo chake sitichimva, koma amuna anga, a Ernest, paunyamata wawo ankamasulira mafilimu m'mavidiyo a ku Ndirande, Chitchaina osachidziwa n'kamodzi komwe.

"Bambo a Melvin, muwaliritse anyamatawa," ndinawauza. "Aliyense azifuna amayi ake."

"Mayi, imeneyo ndi ntchito yanga. Inu khalani phee."

Anayamba bwino ndithu. "Uyu akuti, mayo ine, ndinalakwanji kusiya kwathu?" Melvin anaika foni pansi, mtima wanga n'kukhala m'malo.

Koma anyamata aja atangosolola malupanga, a Ernest anaiwala kuti ali m'nyumba mwathu ku Silver Spring, osati ku Ndirande. Mawu anasintha. Wamtali pagulupo anamupatsa dzina loti Chitalu.

"Chitalu walowa! Chitalu saopa madzi, madzi ndi amene amaopa Chitalu! Menya, mwana wa amayi!"

Ndinawatsina pantchafu, osamva. Ndinatsokomola mpaka kukhosi kuwawa. Iwo anali ataimirira kale, ambulera m'manja, aneba apansi akugogoda denga.

Tinafika pomira paja, pamene ndinaika chiyembekezo changa chonse. A Ernest, munthu wamkulu, imvi mbuu, anakuwa kuti: "Mwamuna safa ngati nkhuku ya chitopa! Taonani, nyanja yomwe yamuvulira chipewa!"

Ndinakwiya kwambiri. Ndinazimitsa TV.

"Mwatani kodi? Tinagwirizana chiyani?"

"Pepani mayi," anatero akupuma wefuwefu. "Filimu ikakoma siimasuliridwa mwaulesi."

Melvin, amene chiyambire sukulu ya mkaka amatiyankha m'Chingerezi chokhachokha, anatembenuka maso akuwala.

"Adadi, bwerezani pamene wamira Chitalu paja. Amami, Lolemba ndikukasaina."

A Ernest anatsitsa ambulera pang'onopang'ono. Ine ndinangokhala pansi. Zaka zonsezi ndakhala ndikupempha Mulungu kuti mwanayu adzandilankhule m'Chichewa.