Fumbi la Makala

Fumbi la makala ife ogulitsa timataya. Ndiye tsiku lomwe mayi wina wovala ovolosi anafika pamsika wa Thambani n'kumaliwolera m'chidebe, ndinalephera kupirira.

"Amayi, fumbilo ndi la mankhwala?"

"Ndi utoto wanga, achemwali. Ndine Flossie, ndimajambula. Mubwere mudzaone."

Ndinapita Lachinayi masana, mwana kumsana. A Flossie anabwereka sitolo yakale, mawindo atatseka ndi mabulangete. Pakhoma anapachika matumba a feteleza osokedwa pamodzi. Fumbi lija amasakaniza ndi phala la chinangwa n'kujambulira ndi bulashi mapiri a kwa Nthache, opanda mtengo ndi umodzi womwe. Ndinakhudza. Silinanditsalire m'zala.

Kenako anayatsa kamakina koonetsa kanema. Pamapiri ojambulawo panayamba kuyenda anthu enieni, azimayi osenza makala, wefuwefu wawo akumveka m'sipika. Ndinasuzumira kuseri kwa matumba kuti ndione komwe akutulukira. Kunali khoma basi.

Wachitatu pamzere ndinali ine, nkhope yonse poyera. Ndinakumbukira kuti mwezi watha wina anaima m'njira ndi kamera, ife n'kumangoseka.

"Izizi zikupita kuti?"

"Ku Blantyre, kuchionetsero. Anthu aone amene amawasenzera makala."

"A zankhalango nawonso ali ndi maso. Chaka chatha anandilanda matumba ndi njinga yomwe. Akandiloweza nkhope, mwanayu azidya kanema?"

"Komatu nkhopezo ndiye mtima wa ntchitoyi, achemwali."

"Mtimawo ndi wanu. Nkhope ndi yanga."

Kanema ankangobwerezabwereza. Ine maso anali pamatumba apakhoma aja. Ndinaona kuti pomwe fumbi anapaka kwambiri, kuwala kumamira. Miyendo ya azimayi ikafika pamenepo imasowa, n'kukatulukira kutsogolo.

"Tandibwerekani bulashiyo."

Anazengereza, koma anandipatsa. Ndinaiviika m'chidebe n'kukoka mzere wonenepa mopingasa, pomwe pamadutsa mutu wanga. Kanema atabwereranso, thumba limayenda pamwamba, thupi ndi mwana pansi, pakati bii. Amayi anga omwe sakanandizindikira.

Ndinadikira kukalipidwa, poti ndawaonongera ntchito ya mwezi wathunthu. A Flossie anabwerera m'mbuyo, manja m'chiuno, n'kuonera mzere wonse wa azimayi ukudutsa, kawiri konse.

"Mwalekezeranji pakati?" anatero, akundikankhira chidebe ndi phazi. "Kokani mpaka kumapeto. Anzanuwonso ali ndi ana."