Womasulira Amene Sandikonda

Amayi anamenya tebulo kawiri ndi chikhatho, makapu n'kuchita kunjenjemera, ndipo ndinadziwiratu kuti zanga zada. Munthu wosamva akafuna kukuitana satchula dzina. Amamenya chinthu mpaka utembenuke. Nditatembenuka ndinaona envelopu yaikulu yabuluu ili pakati pa tebulo, ija ndinaibisa pansi pa mpando wa galimoto masabata awiri m'mbuyomo.

"Ichi n'chiyani, Delaney?" anafunsa ndi manja. Akakwiya, manja awo amathamanga ngati akupirikitsa ntchentche.

"Mapepala chabe, Amayi."

"Mapepala chabe? Ndine wosamva, mwanawe, koma maso ndili nawo. Zaka makumi awiri ndikusankha makalata ku positi ofesi, iwe n'kumati ungandibisire envelopu?"

Kalatayo inachokera ku yunivesite ina ya ku Missouri, ulendo wa maola khumi kuchoka kwathu ku Toledo. Anali atanditenga pa maphunziro aja omwe mwana wa sekondale aliyense wofuna udokotala amawalota: ukangolowa, malo ako ku sukulu ya udokotala amakhala akukudikira, zaka zisanu ndi zitatu osapikisananso ndi munthu. Amalembera ana masauzande, n'kutengapo makumi awiri okha. Ndinavutikira malo amenewo. Tchuthi chonse ndinkalondola madokotala m'makonde a chipatala ngati mwanapiye, ndinalemba ndi kufufuta nkhani zofotokoza chifukwa chake ndikufuna ntchitoyi mpaka ndinadana nazo, ndipo pa tsiku la mafunso ndinatuluka thukuta m'jekete yobwereka. Atandivomera, ndinalira m'galimoto, kenako ndinabisa envelopuyo.

Panali njira ina. Koleji ya kwathu nayo inanditenga, mphindi makumi awiri kuchoka pakhomo. Kumeneko udokotala ndikanadzaupemphanso patatha zaka zinayi, mwina kunditenga, mwina ayi. Yankho linkafunika pofika pa 1 Meyi, ndipo kunali kutatsala masiku asanu ndi limodzi.

"Ndasankha kale ya konkuno," ndinatero. "Ndikapita, kwa Dokotala Haddad, dokotala wanu wa impso, azikumasulirani ndani?"

Bambo anamwalira ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Kuyambira pamenepo ine ndinali makutu ndi pakamwa pa Amayi: kubanki, kwa makaniko, ndipo makamaka kuchipatala, chifukwa matenda a shuga anali atayamba kuwadya impso. Ndinkanyadira. Kunena zoona ndinkadziona ngati mzati wa nyumba, ndipo mzati supita ku Missouri.

Manja a Amayi atayambanso kulankhula, anali atafatsa.

"Khala pansi. Mwezi wa Febuluwale adokotala analankhula mpaka khofi wawo anazizira. Iwe unandiuza chiyani?"

"Kuti impso zatopa pang'ono."

"Mawu atatu. Munthu kulankhula mphindi khumi, mwana wanga n'kundipatsa mawu atatu." Anamwetulira, koma osati moseka. "Manja ako amanena zina, nkhope yako zina. Unayamba uli ndi zaka khumi. Ukuganiza kuti sindinkaona?"

Manyazi anandigwira mpaka m'makutu munatentha. Zinali zoona. Dokotala akanena mawu olemera, ine ndinkayamba ndawasenda, n'kuwapatsa Amayi zofewa zokhazokha. Sindinaganizepo kuti kumeneko n'kunama. Ndinkayesa ndi chikondi, ndipo mpaka lero ndikuti chinali chikondi ndithu, kungoti chinkawasiya mumdima pa za thupi lawo lomwe.

"Sindikukukalipira," anatero, akundisisita patsaya. "Unali mwana, tinakusenzetsa katundu wa akulu. Koma Lachinayi ndapempha womasulira wa kuchipatala. Ndikufuna womasulira amene sandikonda."

"Nanga ine?"

"Iwe ukandinyamulira chikwama. Ndi ntchito yabwino, ena amalipidwa."

Lachinayi tinamupeza womasulirayo akutidikira kale. Anali Mayi Pruitt, wamtali, waimvi, atavala zakuda kuti manja aoneke bwino. Ndinadana naye ndisanamupatse n'komwe moni. Ndinayang'anitsitsa zala zake kufuna polakwika, koma mayiyo ankalankhula ndi manja bwino kundiposa, ndipo zimenezo zinandiwawa kwambiri.

"Ndiwe mwana wawo uja wopita ku udokotala?" anandifunsa.

"Sizinatsimikizike."

"Zatsimikizika," Amayi analowerera. "Mwiniwake yekha ndiye sanamve."

Namwino atatchula dzina lawo, ndinaimirira mwachizolowezi. Amayi anandiloza mpando, n'kundiika chikwama pamiyendo. Analowa awiriwiri, chitseko n'kutsekeka.

Chitsekocho chinali ndi kagalasi kakang'ono, ndipo vuto la chinenero chathu n'lakuti galasi silibisa nkhani. Ndinapirira mphindi zisanu, kenako ndinanyang'ama n'kukasuzumira. Dokotala Haddad ankalankhula, Mayi Pruitt akumasulira liwu ndi liwu, nkhope ili phee. Kenako ndinaona manja a Amayi akufunsa: "Kwatsala nthawi yaitali bwanji ndisanayambe makina otsuka magazi? Musandinyengerere."

Zaka zonse zija sanafunsepo funso limenelo. Pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti si ine ndekha ndinkasenda mawu. Nawonso ankameza mafunso awo, kuopa kuti yankho lidutsa m'manja mwa mwana wawo.

Anandiona pagalasipo. Sanakwiye. Anangonyamula mpando wawo n'kuutembenuza, kundilozetsa msana. Ndinabwerera pamalo panga ndi chikwama changa.

Amayi anatuluka patatha mphindi makumi anayi, maso ali ofiira, koma akuyenda mowongoka. Anatsanzikana ndi Mayi Pruitt, n'kudzakhala pambali panga, mawondo athu akugundana.

"Tamvera, ndikumasulire zomwe anena adokotala," anatero. "Impso zikugwira ntchito pang'ono kwambiri. Sizidzachira. Makina ndidzayamba pakatha chaka chimodzi, mwina ziwiri ndikasamala zakudya. Andilemba pa mndandanda wa odikira impso ina, koma mzere wake ndi wautali. Ndachita mantha, ndalira, mayi uja wandipatsa kansalu kopukutira misozi ndipo sanasinthe liwu ngakhale limodzi."

Sanafewetse kalikonse. Aka kanali koyamba kumva za matenda awo kuchokera kwa iwo eni.

"Ndiye mukuona, Amayi, sindingathe..."

"Ukakhala, impso sizichira. Ukapita, sizichira. Kusiyana kwake n'kwakuti ukakhala ndizidwala kawiri, kwinaku impso, kwinaku kukuona iwe." Anatsegula chikwama chili pamiyendo panga, natulutsa foni yanga yomwe ndinaiponyamo. "Tsegula. Ndikufuna ndione ndi maso anga, poti pa za maenvelopu sindikukukhulupirira."

Ndinatsegula tsamba la yunivesite ija. Ndinaphonya podina kawiri. Kachitatu ndinadina povomera, foni n'kulemba kuti andilandira.

Ndinaiika pansi n'kukweza manja kuti ndinene kanthu, kaya kupepesa, kaya kulonjeza kuti ndizibwera tchuthi chilichonse. Amayi anawagwira onse awiri m'mwamba momwemo, nawatsitsira pamiyendo pawo, n'kuwafumbata ndi awo. Motero panalibenso wotha kulankhula, iwo kapena ine. Namwino anatulukira pakhomo n'kuitana dzina la wodwala wina, wailesi ya kanema ya pakhoma inkalosera mvula ya mawa, ndipo tinangokhala choncho, manja anga akutenthera m'manja mwawo.