Feteleza Amene Analawa Zakeyo

Nkhani iyi anandiuza ndi a Lemani, okonza njinga pa Chamama, tsiku lomwe ndinausa mvula pakhonde pawo.

Akuti pa esiteti ina ya fodya cha ku Chulu panali tenanti wochokera ku Phalombe, dzina lake Zakeyo. Zinali zaka za makuponi a feteleza, mavenda akusakaniza feteleza ndi mchenga. Zakeyo ankatapa timibulu n'kuika palilime. "Uyu ngweniweni," amatero, apo ayi amalavula. Anzake sankagula thumba iye asanalawe.

Chaka china anayamba kuwonda. Msana kuwawa, maso chikasu ngati fodya wongopachikidwa m'chigafa. Kuchipatala anati ndi khansa ya kapamba, ndipo yafalikira kale.

Mkazi wake Zelesi anafunsa, "Adokotala, munthu sakudya. Nanga chotupacho chikukula ndi chiyani?"

Dokotala anafotokoza kuti m'thupi mwa aliyense muli tinthu tosaoneka ndi maso togwira kashiamu, mchere wolimbitsa mafupa. M'chotupa chotere tina timachuluka, ndipo ofufuza akuganiza kuti timachithandiza kuyanga.

"Kashiamu yemwe alangizi amati ali m'feteleza wobereketsa uja?"

"Alimo, mayi, koma feteleza sanadwalitse amuna anu."

Zelesi anangogwedeza mutu. Mumtima anali atamaliza kale: zaka zonsezi bambo ankabereketsa chinthu m'mimba mwawo.

Zakeyo anamwalira fodya ali m'mawondo. Pakona ya nyumba panatsala thumba lomwe analawa komaliza.

"Mayi," anatero kapitawo wa pa esitetipo kwa Zelesi, "mukapanda kuthira feteleza sabata ino, munda tipatsa wina. Muziona msewu wa kwanu."

Kwawo kunalibe ndi kachigunda komwe. M'mawa Zelesi anamasula thumba lija. Linali litachita thukuta, pansi ponse chinyezi. Atapisa dzanja anakhudza chibuma cholimba, chofanana ndi chomwe ankachimva pansi pa nthiti za mwamuna wake pomusambitsa.

Kumunda sanapite. Anasenza thumba mpaka pamanda a matenanti, n'kukhuthulira lonse pamtumbira wa Zakeyo, akulankhula ndi chotupa chija. "Idya, ukhute. Ana anga uwasiye."

Sabata isanathe anamukweza lole ndi ana ake.

A Lemani akuti mpaka lero udzu wa pamtumbirapo ndi wobiriwira biriwiri, ngakhale mu Okutobala, ndipo mbuzi zimaulambalala.

Ku Chulu ndinafikako, wondilozera mandawo sanapezeke. Feteleza amaundana m'nyumba iliyonse yachinyezi, ndipo thumba lathunthu pamalo amodzi limawotcha udzu, siliumeretsa. Za mayiyo ndikuvomera. Za udzuwo, ine ndikukayika.