Kabatire ka m'Kompyuta ya a Rafaelo

Kompyuta ya pasukulu pathu inakhala miyezi inayi itafunditsidwa nsalu ya patebulo, ngati nayonso ili pamaliro. Amene ankaidziwa anali amuna anga, a Rafaelo, mphunzitsi wa Chichewa, ndipo tinawaika m'manda mu Febuluwale chaka cha 1998. Anapita ndi mawu achinsinsi otsegulira makinawo. Ukaiyatsa inkangoonetsa kabokosi kopanda kanthu, n'kumadikira kuti ulembemo zimene sukuzidziwa.

Ine ndine Jestina. Ndinali wotayipa pasukulupo, sukulu ya mishoni kuseri kwa nkhalango ya Chongoni. Mapepala onse a mayeso ankadzera m'manja mwanga: ndinkawatayipa pa sitensulo, kenako n'kukapukusa pamakina mpaka phewa kuwawa. Kompyutayo itabwera ndi anthu akufuna kwabwino, aphunzitsi a sayansi ankangoizungulira kutali, koma a Rafaelo anaikakamira mpaka kuizolowera ndi zala ziwiri zokha. Makina osindikizira sanabwere nawo, choncho iwo akalemba mayeso awo, ine ndinkakhala pambali n'kumakopera kuchokera pagalasipo.

Miyezi yawo yomaliza ankapitabe kuofesiko ana akaweruka, jekete ikulendewera m'mapewa. Ndikafunsa chimene akulemba, ankangoti, “Mayeso, Nambewe.” Ankanditchula ndi mfunda wanga choncho akafuna kuti ndisafunsenso.

Matenda awo anali aja amene nthawi imeneyo sitinkawatchula dzina. Ndinkawadziwa, anamwino ankawadziwa, ngakhale amayi ogulitsa mbatata ya kachewere pamsewu ankawadziwa. Koma mwini wake sananene kanthu kwa ine, kunyumba ngakhale kuchipatala. Ndinawasambitsa, ndinawatembenuza, ndinawachapira, ndikudikira mawu amodzi okha ochokera pakamwa pawo, ndipo anamwalira ali duu. Zinandipweteka kwambiri, ndipo ndinawakwiyira ali m'bokosi momwemo. Chimene chinatsala ndi kompyuta ija. Ngati anandisiyira mawu penapake, anali mmenemo.

Nthawi ya nkhomaliro ndinkayesa mobisa. Ndinayamba ndi dzina langa, ndisaname. Inakana. Ndinayesa Nambewe, inakananso. Ndinayesa dzina la mwana wathu Tawonga, la mudzi wa kwawo, la timu ya mpira imene ankaikonda, mpaka la galu wathu amene anafa kalekale. Nditatopa ndinabwezerapo nsalu ija.

Mu Juni munafika kabokosi ka madisiki khumi ndi atatu, okhala ndi pulogalamu yatsopano yoyendetsera kompyuta yonse. Mphunzitsi wamkulu, Sisitere Veronika, anandiitana. Ankadziwa kuti mlamu wanga Ackim, mng'ono wa a Rafaelo, amakonza makompyuta ku Lilongwe, ndiponso kuti Ackimyo anali atandilembera kalata ya masamba anayi m'malo mobwera yekha.

“Mayi Jestina, makinawa sitinawalandire kuti tiziikapo maluwa,” anatero asisitere. “Alamu anu akuti bwanji?”

“Akuti loko angachoke, Asisitere. Koma akuti m'kati mwake ndi mochepa. Zatsopanozi kuti zilowe, zakale zonse zifufutidwe.”

“Ndiye fufutani. Muli chiyani chofunika?”

“Sindikudziwa, Asisitere. Vuto lake ndi limenelo.”

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo kwa kanthawi. Kenako anati Loweruka lonse ndi langa, koma Lolemba makinawo akhale akugwira ntchito.

Loweruka kunacha ndi chifunga chija cha kwathu kuno, choti mitengo ya paini ya kuseri kwa ofesi simaoneka. Zala zinali zitauma ndi chisanu. Ndinayala kalata ya Ackim patebulo n'kuitsamiritsa ndi kapu. Mnyamata ameneyu amalemba ngati nkhuku yapalasa, koma malangizo ake anali omveka. Poyamba zulani chingwe cha magetsi, alamu. Gwirani chitsulo cha pawindo musanagwire china chilichonse m'katimo. Masulani tizitsulo tinayi ta kumbuyo. Chomasulira ndinalibe, ndinagwiritsa ntchito mpeni wosendera mbatata.

M'kati mwa chinthu chimene tonse tinkachiopa chija munali fumbi, ukonde wa kangaude ndi mphemvu yakufa. Pakona panali kabatire kophwatalala, kukula kwake ngati batani la jekete. Ackim analemba kuti kameneko ndi kamene kamasunga mawu achinsinsi, ndipo mukakachotsa n'kudikira nthawi yoti madzi a tiyi awire, makinawo amaiwala. Ndinakazula ndi nsonga ya mpeni n'kukaika pachikhatho. Ndinachita nsanje, kunena zoona, kuti pali chinthu chimene chimaiwala mosavuta choncho. Tiyi ndinaphikadi, ndinamwa nditaimirira.

Nditabwezera kabatireko n'kuyatsa, kabokosi kaja sikanabwerenso. Makinawo anali ataiwala ndi tsiku lomwe. Ankati ndi pa 1 Januwale 1980, nthawi imene a Rafaelo anali asanandifunsire n'komwe. Ndinatsatira tsamba lachiwiri la kalatayo mpaka mndandanda wa zimene zinali m'katimo unatuluka.

FOMU1. FOMU2. KWAYA. MAYESO98.

Basi. Panalibe Jestina, panalibe Nambewe, panalibe Tawonga. Ndinatsegula chimodzichimodzi: mayina a ana asukulu, nyimbo za kwaya ya Lamulungu. Munthu amene ndinakhala naye zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri anathera mphamvu zake zomaliza pa nyimbo za kwaya! Ndinalankhula mokweza ndekha muofesimo, mawu oti sindingawalembe pano. Chomalizacho ndinatsala pang'ono kuchisiya. Ndinachitsegula chifukwa cha chizolowezi chabe, poti pepala la mayeso silidutsa wotayipa asanalione.

Linali pepala la Chichewa la Fomu 4. Gawo loyamba linati: Werengani nkhani iyi ndipo muyankhe mafunso otsatirawo.

Nkhaniyo inali ya mphunzitsi wina amene anapita kutauni milungu itatu kukachonga mayeso. Pobwera anagulira mkazi wake chitenje cha nkhanga, koma anabweranso ndi chinthu china chimene sanachionetse. Patapita zaka, atayamba kudwala, tsiku lililonse ankatsimikiza kuti lero anena. Koma mkaziyo akabwera ndi madzi osamba, atayesa kutentha kwake ndi chigongono, bamboyo pakamwa pankamulemera. Ankaopa kuti akanena, madziwo azibwerabe koma nkhope ya mkaziyo idzakhala ina. Ankaopanso kuti mwina anamupatsira. Nkhaniyo inatha ndi mawu akuti bamboyo ankadziwa kuti analakwa kawiri, pochita ndi pokhala chete, ndipo kulakwa kwachiwiriko n'kumene kunkamusowetsa tulo.

Chitenje cha nkhangacho ndinali nditachifunda m'mapewa tsiku lomwelo chifukwa cha chisanu.

Munthu wamantha ameneyu! Ankadziwa kuti pepalalo ndidzaliwerenga ndine woyamba, liwu ndi liwu, iye ali pambali kapena atapita kale. Koma ngakhale pamenepo analephera kundipatsa mawu otsegulira. Ndinalira, ndinasekanso pang'ono, poti mafunso anali m'munsimo ndithu, ndi malikisi ake. Kodi bamboyu anapita kutauni kukatani? Tchulani mphatso imene anagula. Funso lachisanu linali lakuti: Kodi mukuganiza kuti mayi wa m'nkhaniyi anamukhululukira mwamuna wake? Perekani zifukwa ziwiri. Malikisi anayi.

Disiki yopanda kanthu yoti ndisungirepo ndinalibe, ndipo khumi ndi atatu aja Ackim anachenjeza kuti ndisalembepo chilichonse. Ndinakoka makina anga akale otayipira, n'kulowetsa pepala wamba, osati sitensulo. Ndinakopera zonse monga ndinkachitira kale, ngakhale pamene analakwitsa kalembedwe sindinakonze. Ndinawerenga kawiri, pagalasi ndi papepala, kuti pasasowe liwu.

Masana asisitere anasuzumira pakhomo, atavala juzi pamwamba pa mkanjo wawo.

“Mwalowa?”

“Ndalowa, Asisitere.”

“Munali chiyani?”

“Mayeso a Chichewa a Fomu 4.”

“Aa, Mulungu ngwabwino! Ndiye tigwiritsa ntchito omwewo mwezi wamawa?”

“Ayi, Asisitere. Ndi ovuta kwa ana.”

Anayang'ana maso anga, anayang'ana pepala limene ndinali nditalipinda. Anangoti akanditumizira mbatata yootcha, n'kutseka chitseko pang'onopang'ono.

Tsamba lachitatu la kalata linali la kufufuta. Ndinalemba mawu amene Ackim anandiuza, ndipo makinawo anafunsa m'Chingerezi ngati ndatsimikizadi, poti zonse zitayika. Ndinakhala nthawi yaitali chala chili m'mwamba. Mawu ndinali nawo papepala, inde, koma amene anali pagalasiwo ndi amene anawagogoda okha ndi zala ziwiri zija. Kenako ndinadina. Manambala anayamba kuyenda kuchokera pa 1 mpaka 100, ndipo sizinatenge ndi nthawi yomwe.

Zotsalazo zinali ntchito yotopetsa basi. Lowetsa disiki yoyamba, dikira, makina alire ngati njinga yopanda mafuta, tulutsa, lowetsa yachiwiri. Yachisanu ndi chinayi inakana katatu. Ndinaitulutsa, kuiuzira, kuifunditsa m'chitenje kuti ichoke chinyezi, ndipo kachinayi inalola. Msana unkawawa, mbatata ya asisitere inazizira pambale. Dzuwa likupendeka yomaliza inalowa, pagalasi panatuluka zithunzi zamitundumitundu, ndipo makinawo anandifunsa dzina la mwini wake. Ndinalemba dzina la sukulu.

Lolemba aphunzitsi a sayansi anadzaza muofesimo, aliyense akufuna kugwirako, ndipo wina anandifunsa ngati ndikudziwa poyatsira. Mwezi womwewo ndinapita kuchipatala kukayezetsa magazi, ndekha, osauza munthu, ndipo zimene anandiuza ndinakamuuza Tawonga tsiku lomwelo ndi pakamwa panga.

Pepala lija lili m'buku langa la mapemphero. Mafunso anayi oyambawo ndinayankha kalekale ndi pensulo, ndi osavuta. Pa lachisanu ndinalemba nambala 1 ndi nambala 2. Chifukwa choyamba ndinachipeza, ndinachilemba. Chachiwiri ndikuchifunabe.