Kholo la Ganyu

A Japhet Namakhwa analakwira a Stambuli m'chisanu cha chaka cha 2004, mu ofesi ya ahedi pa sukulu ina ya boma ya m'tsinde mwa phiri la Zomba. Anawalakwira dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona, ndipo sanakweze n'komwe mawu.

A Stambuli anali wosoka nsapato pa msika wa Zomba. Ankalera Norah, mwana wa malemu mlongo wawo Safina. Bambo a mwanayu, Sam, anali mng'ono wawo wa a Japhet. Kalelo, Sam atazolowera kumenya mkazi wake, a Stambuli monga mwini mbumba anamutulutsira katundu panja n'kumuuza kuti azipita kwawo. A Japhet ndiwo anali ankhoswe a kuchimuna, ndipo tsiku limenelo anachoka osatsanzika. Sam analowera ku Joni, osamvekanso.

Chaka cha 2004 chimenecho sukulu inali ndi malamulo atsopano. Chikwapu chinali choletsedwa, ana anali atadzaza mpaka pansi pa mitengo, ndipo aphunzitsi ankati mwambo watha. Komiti ya sukulu inagwirizana kuti mwana akalakwa kwambiri azibwera ndi kholo lake. Koma ana si opusa. Anayamba kutsikira kumsika kukafuna makolo a ganyu. Amapeza munthu wooneka bwino, kumupatsa ya tiyi, iye n'kukakalipa pang'ono mu ofesi, mlandu n'kutha. Komiti itazindikira inawonjezera lamulo lina: kholo lililonse lizitsimikiziridwa ndi wapampando wa komiti, popeza iye amadziwa anthu a m'deralo. Mwana wobweretsa kholo la ganyu asapondenso pa sukulu mpaka kholo lenileni litabwera. Wapampandoyo anali a Japhet.

Norah anali mu Sitandade 8, ndipo ankakhoza. Tsiku lina mnyamata wa m'kalasi mwake, Ronnie, anamuwazira chitedze pamalo pamene ankakhala. Norah anayamba kudzikanda, kalasi yonse ikufa ndi phwete. Anavula nsapato n'kumumenya nayo Ronnie pamphuno mpaka magazi.

"Amalume, akuti mawa mubwere kusukulu," anatero atafika kunyumba ku Chikanda.

"Walakwanji?"

"Ndamenya Ronnie ndi nsapato."

"Ija ndasoka sabata yathayi? Yaduka?"

"Ayi."

"Ndiye kuti ulusi uja ndi wabwino." A Stambuli anaseka pang'ono, kenako anasiya. "Koma usadzachitenso. M'nyumba muno tinatopa nazo zomenyana. Mawa ndikakupepesera, akakupatse chilango ugwire, ubwerere m'kalasi."

M'mawa mwake anasiya bokosi la zida kwa mnzawo wa pamsika. Anasamba m'manja ndi mchenga koma polishi ndi guluu sizinachoke m'zikhadabo.

Mu ofesi munali ahedi, Mayi Msiska, amene anali atangobwera kumene kuchokera ku Rumphi ndipo sankadziwa munthu m'deralo. Pambali pawo panakhala a Japhet, chipewa chili pabondo. Ronnie anali kale momwemo ndi bambo wina wa jekete yabulauni ndi tayi. A Stambuli atamuyang'anitsitsa anangotsitsa mutu. Anali Jimmy, wogulitsa kaunjika pafupi ndi pamene iwo ankasokera nsapato. Jeketeyo dzulo lake inali pa hang'ala kudikira kasitomala.

"Mwana uyu wandichititsa manyazi, madamu," ankatero Jimmy akuloza Ronnie ndi chala. "Ine ndimalawirira m'mawa kukavutikira iweyo! Tikafika kunyumba uona."

"Apampando, awa mukuwadziwa?" anafunsa ahedi.

A Japhet anayang'ana tayi. "Nkhope si yachilendo. Ndi makolo athu awa."

Ronnie anauzidwa kuti akakumbe dzenje la zinyalala. Kenako ahedi anatembenukira kwa a Stambuli.

"Inu ndinu bambo ake a Norah?"

"Ndine malume ake, madamu. Mayi ake anatisiya. Ndine ndikumulera."

"Dzina lanu?"

"Stambuli."

"Koma mwanayu ndi Norah Namakhwa."

"Limenelo ndi la kuchimuna. Alamu angawa akudziwa bwino."

A Japhet anatembenuza chipewa pabondo. Analankhula mofatsa ngati ali kutchalitchi. "Mwanayu ndi wa mng'ono wanga, sindikana. Bambo ake ali moyo, ali ku Joni. Amenewo ndiwo kholo. Akuluwa ine ndimangowaona kumsika."

Kwawo kwa ahedi mwana ndi wa kuchimuna, choncho mawu a bambo aakulu a mwana anawatenga ngati omaliza. Anayang'ana zala za a Stambuli, anayang'ananso malaya awo.

"Ndiye bwanji inuyo apampando muimirire ngati kholo, nkhani ithe?"

"Sizingatheke, madamu. Wapampando sangaimire mwana wa m'nyumba mwake. Anthu adzati komiti imakondera."

"A Japhet," anatero a Stambuli, "pa chinkhoswe cha Safina inu munandipatsa tambala, ine ndinakupatsani thadzi, anthu akuwomba m'manja. Lero mumangondiona kumsika?"

"Zakalezo sindizikumbukira bwino."

"Chabwino. Ngati mukufuna wa ganyu, ndi uyu. Jimmy alibe ngakhale mkazi. Iwe Jimmy, jekete imeneyo sinagulidwebe, bwanji ukuinyowetsa ndi thukuta?"

"Madala, tilemekezane," anatero Jimmy akukonza tayi. "Ine sindikudziwani."

"Amene apampando amutsimikizira, amutsimikizira," anatero ahedi. "Ndipo mukuoneka kuti za makolo a kumsika mukuzidziwa bwino, bambo."

Norah, amene anali atagwada pafupi ndi chitseko, analankhula koyamba. "Madamu, ndi amalume anga enieni. Ndimagona kwawo, ndimadya kwawo."

"Onse amatero, mwana wanga." Ahedi sananene mwaukali. "Lamuloli tinaliika kuti tikuthandizeni inu nomwe. Tikalipinda lero, mawa ofesi ino idzadzanso ndi anthu a kumsika. Pita, ukabwere ndi kholo lako lenileni."

A Stambuli sanagonje. Anabweranso ndi amayi awiri oyandikana nawo nyumba kuti adzachitire umboni. Anauzidwa kuti lamulo silitchula aneba, limatchula wapampando. Anapita ku ofesi ya zamaphunziro. Anakhala pa benchi mpaka nkhomaliro, kenako mnyamata wa kolala yoyera anawauza kuti nkhani za mwambo boma linazipereka m'manja mwa makomiti, ndipo ndi chinthu chabwino kuti makolo azidzilamulira okha.

Pomaliza anapita kunyumba kwa a Japhet. Anawapeza akuthirira mpiru kuseri kwa nyumba.

"Alamu, ngati pali mlandu, ndi wa inu ndi ine. Nditukwaneni, ndimva. Koma mwanayu mayeso ali pafupi."

"Ine ndilibe mlandu ndi munthu. Ndikutsata lamulo."

"Sam mukudziwa kumene ali? Tandiuzani, ndimuitanitse."

A Japhet anathira madzi otsala mu keni, n'kuigwedeza kuti dontho lomaliza ligwe. "Munamuthamangitsa ngati galu, anthu akuonerera. Munati mbumba ndi yanu, simufuna mwamuna pakhomo. Lero mwaona kuti bambo amafunika. Kamufuneni nokha."

"Ankamumenya Safina mpaka kukomoka. Inu munaona."

"Chitseko cha mpanda mukatseke potuluka. Mbuzi zimalowa."

Kumsika Jimmy anadikira kuti mkwiyo uphwe, ndiye anabwera ndi nsapato yong'ambika chidendene.

"Madala, musandisungire kumtima, ine ndinali pa ntchito. Koma nanunso munalakwitsa. Mukanandiuza ndikanakubwerekani jekete."

A Stambuli analandira nsapatoyo, anaisoka, n'kumubwezera osamuyang'ana.

Masabata oyamba Norah ankavala yunifolomu m'mawa uliwonse, ngati kuti wina abwera kudzamuitana. Ankakhala pa thumba pafupi ndi bokosi la amalume ake, kuwerenga makope ake akale. Anzake akamaweruka ankadutsa pamsika kumuuza zimene aphunzira. Kenako anayamba kudutsa mwa apo ndi apo. Kenako anasiya. Tsiku lina Norah anapinda yunifolomu, anaiika pansi pa matiresi, n'kufunsa amalume ake kuti amuonetse mmene amapakira polishi kuti asadetse sokosi za kasitomala.

Mayeso a Sitandade 8 anafika, Ronnie analemba. Norah sanalembe. Pa msonkhano wotsekera chaka ahedi anauza makolo kuti mwambo wabwerera pa sukulu, anthu anawomba m'manja, ndipo a Japhet anasankhidwanso kukhala wapampando. Jimmy amavalabe jekete yabulauni akaitanidwa. Sam sanabwere. Norah ali pamsika, mbali ya kumanzere kwa a Stambuli, amapukuta nsapato.